Mbedza za Apongozi Anga

Ntchito yoperekeza munthu wamkulu kokawedza ine sindinaipemphe. Inandigwera mmene zimagwera ntchito zonse za mkamwini: anthu amakambirana iwe kulibe, kenaka mkazi wako amabwera kudzakuuza akumwetulira. Ndinali nditangolowa chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Ludzi, kuchokera kwathu ku Dambe, zaka zija zipani zinali zitachuluka moti pachingwe chimodzi unkapeza zitenje za zipani zosiyana zitayanikidwa pamodzi.

Apongozi anga aamuna, bambo ake a mkazi wanga, ankakonda kuwedza kuposa kudya. Kumunsi kwa mudzi kunali damu la esiteti ina ya fodya yomwe inagwa, eni ake n'kuchoka, alonda n'kubalalika. Kale ukapezeka pamenepo ndi mbedza ankakuthamangitsa ndi agalu, koma tsopano aliyense ankangopita. M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho apongoziwo anaterereka pakhoma la damu n'kugweramo, ndipo anawavuula ndi amayi ena omwe ankachapa chapafupi. Apongozi aakazi ndi mlongo wawo, atsibweni a mkazi wanga omwe anali eni mbumba, anagamula kuti za kudamu zatha, munthuyu maso apita. Apongozi aamunawo anakana kwamtuwagalu. Anati maso awo akuona bwinobwino, chinawagwetsa ndi ndere. Atalimbanalimbana anagwirizana kuti azipitabe, koma mkamwini watsopano aziwatsatira. Atsibweni anawonjezera kuti tsiku limene zidzadziwike kuti sakuonadi, nsungwi zonse zidzalandidwa ndipo sipadzakhalanso zokambirana.

Munthu wachilendo akhoza kunena kuti ndi nsomba chabe. Koma apongozi anga analinso mkamwini ngati ine ndemwe. Anabwera m'mudzimo ali mnyamata kuchokera kutsidya kwa malire, n'kukalambira pomwepo. Minda inali ya akazi awo, ana anali a akazi awo, pamilandu ya mbumba ankakhala kumbuyo n'kumangomvetsera. Chawo chenicheni chinali wailesi yopanda mabatire, jekete limodzi la kutchalitchi ndi nsungwi zowedzera. Kudamu ndi kokha kumene palibe ankawauza chochita.

Vuto linali lakuti ine ndi iwo sitinkayankhulana. Sikuti tinayambana ayi, ndi mwambo. Apongozi sudya nawo, suwayang'ana m'maso, sukhudza zinthu zawo, ukakumana nawo panjira umapatukira m'tchire n'kunjuta mpaka adutse. Ukakhala ndi mawu umatuma mkazi wako. Ndipo ine, poti ndinali watsopano, mwambowu ndinkausunga mopitiriza muyezo, chifukwa ankhoswe anga anali atandichenjeza kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndiye tangoganizani anthu awiri otere atumidwe kokawedza limodzi. Iwo ankatsogola ndi nsungwi paphewa, ine kumbuyo patali ndi thumba ndi chitini cha nyambo, ngati tikupita kumaliro a munthu yemwe sitikumudziwa.

Tikafika, iwo ankakhala pansi pa mkuyu, ine cha uko pafupi ndi bango, poti nditha kuwaona koma osaoneka ngati ndikuwayang'ana. Ndipo anapeza njira yawo yondiphunzitsira. Ankayankhula akuyang'ana madzi.

"Ena adziwe kuti madziwa akadali ozizira," anatero tsiku loyamba. "Nsomba nyengo ino ili pansi, yapinda manja. Asataye mtima."

Ine, ndikuyang'ana bango, ndinayankha kuti, "Ena amva."

Ndi mmene tinkachezera nyengo yonseyo. Ndinene zoona, munthuyu madzi ankawakonda ndipo akayamba kuyankhula za iwo sankatopa. Ankati mwera ukamawomba usadzivute kulawirira, dikira dzuwa likwere lifunditse mbali yosaya. Ankati ukhale kumene mphepo ikukankhira zinyalala, chifukwa nsomba imatsata chakudya ngati munthu. Ankati dikira miombo iphuke masamba ofiira, tchire litapsa, pamenepo makumba amachoka pakuya n'kubwera m'mbali kudzakumba timaenje toikiramo mazira, ndipo amalusa, amaluma chilichonse chodutsa pakhomo pawo. Za nyambo ndiye osanena. Nyongolotsi zing'onozing'ono zofiira za pansi pa nthochi, pamene amayi amatayira madzi otsukira mbale, n'za makumba. Zikuluzikulu zakuda za kudambo n'za milamba. Madzi akakhala oyera uchepetse nyambo ndi chingwe chomwe, akavunduka uike yonunkha. Choyandamitsa chawo chinali kachidutswa ka phesi, cholemeretsa kanati ka njinga.

Koma tsiku loyamba lomwelo ndinaona chinthu chimene sindinafune kuona. Anatola nyongolotsi m'chitini, n'kuyamba kuifunafuna ndi mbedza. Zala zawo zinkaoneka kuti sizikumva chimene zagwira. Anaibaya kansonga kokha. Ataponya chingwe, nyongolotsi inathothoka ili m'malere n'kugwera m'maudzu kumapazi kwawo, mbedza n'kulowa m'madzi ili yokhayokha. Iwo anakhazikika bwino, n'kutsamira tsinde la mkuyu, maso ali cha kumene ankaganiza kuti kuli phesi. Phesilo linali kwina.

Ndinadziuza kuti zimachitika. Atavuula n'kupapasa mbedza anaseka pang'ono. "Matemba akuba awa," anauza madzi. "Amadya osalipira." Anaikanso ina, inagwanso chimodzimodzi. Pa maulendo onse amene anaponya tsiku limenelo, nyambo inafika m'madzi mwina kamodzi, ndipo phesi litamira iwo sanalione.

Ndinkadziwa kuti ndikanena kunyumba, damu lawathera. Ndinkadziwanso kuti kuwauza iwo eni kuti, "Apongozi, nyambo yanu yagwa," kunali ngati kuwavula pagulu. Mkamwini wa dzulodzulo auze munthu amene wawedza moyo wake wonse kuti sakutha kuika nyongolotsi pambedza? Ndinangopitiriza kuyang'ana bango.

Choipa n'chakuti ine ndinkapha. Ndinkatsata zonse zimene ankauza madzi zija, ndipo zinkagwira. Mwera utaleka, miombo itafiira, makumba anabweradi m'mbali monga ananenera. Ndikavuula imodzi n'kumaphiriphitha m'maudzu, iwo ankatembenuza khutu.

"Ena akuphunzira," ankatero, mawu ali okondwa.

Nsombazo ndinkaziika m'thumba limodzi, ndipo tikafika kunyumba palibe ankafunsa kuti yapha ndani. Apongozi aakazi ankaziyang'ana n'kunena mokweza kuti aliyense amve, "Kani madala akadali ndi maso." Apongozi aamuna sankavomera, sankakananso. Ine ndinkalowa m'nyumba mwanga ndi manyazi ngati ndaba, chonsecho sindinatenge cha munthu. Madzulo mkazi wanga akandibweretsera gawo langa, nsomba ija sinkandikomera.

Apongozi aamuna sanaleke kufufuza chifukwa chake mbedza yawo yokha sinkagwira. Ndipo poti sankadziwa kuti nyambo siikufika, mlandu wonse unkagwera nyambo. Anati nyongolotsi za chaka chino n'zofooka, dzuwa laziwotcha. Anasintha n'kuyamba chiswe, chimene ngakhale munthu wamaso amavutika kuchikoleka. Chitakanika anaphika gaga wolimba n'kumaumba timipira, koma tinkasweka m'zala zawo tisanakhale pambedza. Anayesa ndere yokulunga. Tsiku lina anabwera ndi matumbo a nkhuku omwe anawasunga mpaka kununkha, akuti tisiye makumba tiyese milamba, ndipo ine amene ndinkanyamula chitini ndinayenda njira yonse nkhope ili kumbali, ntchentche zikundiperekeza ngati mkwati. Anayesa ngakhale kachidutswa ka sopo wochapira, akuti kwawo kutsidya milamba imamufera. Sopoyo anakhaladi pambedza, ndipo ndinapemphera ndi mtima wonse kuti mlamba wina wopusa amumeze. Palibe anabwera.

Pena ndinkakwiya nawo. Ndinkati mumtima, bambo inu, mukungovutitsa anthu, bwanji osavomereza? Fodya wanga kunazale akufuna madzi, ine ndili pano kulondera mbedza yopanda kanthu. Pena ndinkadzikwiyira ndekha, ndipo uku ndiye kunali kowawa. Kangapo konse ndinaganiza zoti akapita kuseri kwa chulu ndithamange ndikawaikire nyongolotsi pambedza. Tsiku lina ndinafika poimirira. Koma nditayang'ana nsungwi ija, yosalala ndi manja awo a zaka zambiri, sindinapitirire. Ndinaganiza kuti akabwera n'kupeza yaikidwa kale adziwa kuti ndagwira chinthu chawo, adziwanso kuti ndakhala ndikuona. Ndinakhalanso pansi. Amati manyazi anapha lambe, ine sanandiphe, anangondisandutsa chitsiru.

Kutentha kutafika pachimake, mango atayamba kuyezuka, apongozi anagamula kuti yankho ndi ziwala. "Madzi akafunda chonchi nsomba imayang'ana kumwamba," anauza damu. "Ikufuna chogwa kuchokera m'maudzu." M'mawa mwake ndikupita kunazale ndinawaona m'lupsa kuseri kwa mudzi, ali chogwada, akumenya pansi ndi kanthambi paliponse pamene amva phokoso. Ziwala zinkauluka mbali iyi, iwo akumenya mbali iyo. Maondo a buluku lawo anali bii ndi phulusa. Ndinapatuka n'kudzera njira ina kuti asadziwe kuti pali munthu.

Masana amenewo anabwera kudamu ndi ziwala zochepa m'kabotolo. Anatulutsa chimodzi mosamala, n'kuyamba kuchifunafuna ndi mbedza monga mwa masiku onse. Chiwala chinapulumuka n'kudumphira m'maudzu. Iwo osadziwa anakankhabe mbedza, ndipo inalowa m'chala chawo chachikulu. Sanakuwe. Sanadzidzimuke n'komwe. Anangoikoka ngati yakodwa pansalu, n'kuponya chingwe m'madzi, n'kutsamira mkuyu. Magazi ankayenderera pansungwi mpaka kudontha pabondo, iwo akufotokozera madzi kuti chiwala chabwino n'chobiriwira, chofewa pamimba.

Sindinayankhe kuti ena amva. Tsiku limenelo ndinapha makumba angapo abwino, ndipo pobwerera thumba linkandilemera kuposa kale.

M'mawa mwake ine ndi mkazi wanga tinali kunazale, iye akutunga pachitsime, ine ndikuthirira mabedi ndi makheni. Ndinaganiza kuti ndachedwa kale, ndipo njira yoyenera ilipo: mkamwini akakhala ndi mawu kwa apongozi amatuma mkazi wake. Ndiye ndinamuuza zonse, za nyambo zogwera m'maudzu, za phesi losaonedwa, za chala. Ndinati apite kwa bambo ake paokha, awanyengerere kuti andilole ndiziwaikira nyambo, ndizikhala nawo pafupi n'kumawauza phesi likamira. Sindinapemphe china choposa pamenepo.

Anatula ndowa pansi. "Ndiye nsomba zonse zija mumapha ndinu?"

"Ndine."

"Ababa sanaphe ngakhale imodzi?"

"Ngakhale imodzi. Koma usawauze amayi. Upite kwa ababa okha."

Anavomera ndi mutu, koma ndinaona kuti zimene wamva iye si za nyambo. Iye anamva kuti bambo ake sakuona ndipo amakhala m'mphepete mwa madzi akuya omwe anagweramo kale. Sindingamunene. Anali bambo ake, ndipo akanamira, ine ndikanalira tsiku limodzi, iye moyo wonse. Dzuwa lisanafike pamutu nkhani inali kwa apongozi aakazi, ndipo lisanapendeke atsibweni anali atafika pa njinga yawo.

Pabwalo limenelo ine sanandiitane, mkamwini saitanidwa pa zotere. Ndinali kuseri kwa chigafa cha fodya, ndikunamizira kukonza mapaso, koma zonse ndinkamva. Atsibweni sanakalipe. Anangonena kuti pangano ndi pangano, alamu, ndipo si chidani, tikufuna mukhale ndi moyo. Apongozi aamuna anayesa kunena za nsomba zimene zakhala zikubwera pakhomo. Apongozi aakazi anawadula. "Zija amapha ndi mkamwini. Wanena yekha." Kenaka ndinamva nsungwi zikusololedwa patsindwi la khonde, zikukhulana ndi udzu. Pasanapite masiku ambiri ndinaziona kudimba, zitadulidwa, zikuchirikiza matimati.

Ndinayamba kuzemba bwalo la apongozi kuposa mmene mwambo unkafunira. Popita kunazale ndinkazungulira kuseri kwa makola, njira yaitali yaminga, kuti ndisadutse pamtengo wa mango pamene tsopano ankakhala tsiku lonse. Kudamu sindinapitenso, ngakhale anzanga ankabwerako ndi mikoko ya makumba n'kumandiseka kuti mlonda wachotsedwa ntchito. Ndinkadzitonthoza kuti sindinaname, sindinaphwanye mwambo, ndinadzera pakhomo loyenera. Koma ndikawaona chapatali ali khale pampando, manja ali pamaondo, zonsezo sizinkandithandiza. Ndinkadzimva wolakwa, basi.

Tsiku lina ndikuchokera kunazale ndinapeza njira yanga ya kumakola yatsekedwa ndi ngolo ya manyowa, ndipo ndinakakamizika kudzera pabwalo. Ndinayenda monyang'ama, makheni ndawagwira kuti asalire. Koma munthu amene maso apita makutu amakula.

"Apongozi," anaitana. "Tabwerani kuno."

Ndinaima. Chilowereni m'mudzimo anali asanandiitanepo. Ndinatula makheni n'kunjuta patali, nkhope ili kumbali.

"Sunthirani pafupi. Sindikuonani, ndiye palibe choti muchite nacho manyazi."

Ndinasunthira. Anatembenuza nkhope kulunjika kumene kunkachokera kupuma kwanga, ndipo kanali koyamba kuwaona m'maso. Munali ng'ala yoyera mbali zonse ziwiri. Chala chija chinali chomangidwa ndi kansanza.

"Akuti nyambo inkagwa."

"Inkagwa, apongozi."

"Yonse?"

"Pafupifupi yonse."

"Munayamba kuona liti?"

Ndinafuna kunama, ndinene kuti posachedwapa, tsiku la ziwala lija. Koma ndinali nditatopa. "Tsiku loyamba."

Anasisita bondo. Nkhuku inadutsa pakati pathu ikutola zake. Ndinkayembekeza kuti andikalipira chifukwa choulula, ndipo ndinali nditakonzeka, mwinanso ndinkafuna kuti atero.

"Ndiye nyengo yonse ija ine ndikulongolola za nyongolotsi ndi za chiswe, inu mukuona mbedza ikulowa yokha."

"Ndinkaopa mwambo, apongozi. Ndinkaopa kukuchititsani manyazi."

"Mwambo," anatero, osati mokwiya. "Ine ndausunga mwambo m'mudzi muno musanabadwe. Apongozi anga aamuna atakalamba ankalephera kukwera pankhokwe. Ndinkabwera n'kuwatapira chimanga, iwo n'kumayang'ana kumbali ngati sakuona. Mpaka anamwalira sitinakambepo. Mwambo ndi umenewo." Anapumira. "Kudamu kuja kunalibe akazi, kunalibe eni mudzi. Tinali akamwini awiri basi. Mukanangobwera n'kundiikira nyongolotsi. Ine ndikanayang'ana kumbali."

Ndinati ndikhoza kukapempha atsibweni, ndikhoza kudula nsungwi zina, tikhoza kuyambiranso ine ndili pambali pawo. Anapukusa mutu.

"Mudzi wonse wamva kuti ndinkawedza ndi mbedza yopanda kanthu. Ndikakhale pansi pa mkuyu uja kuti ana azindiloza?" Anakweza dzanja lomangidwa lija n'kulozera cha kunyumba kwanga, ngakhale analoza pambali pang'ono. "Pitani, fodya wanu asafote."

Ndinatola makheni anga n'kunyamuka. Mvula itagwa damu linadzaza mpaka kumizu ya mkuyu, milamba inakwera m'ngalande moti anthu ankaigwira ndi manja, ndipo apongozi anga anamva zonsezo ali pampando womwewo. Anakhala ndi moyo zaka zina zingapo, koma kumadzi sanapitenso.